Chigubu cha kwa Atelala

Mwanayo anali ataikidwa kale m'manda pamene fayilo inafika kwa Sajeni, ndipo wopalamula anali atavomera. Milandu yotere apolisi amaikonda. Imabwera yophikaphika, iwe kwako n'kusaina basi. Bwana wa pasiteshoni anaiponya patebulo akudutsa, osaima n'komwe.

"Dalaivala wa kampani ya madzi. Wavomera yekha, sitinamukhudze ngakhale ndi chala. Mutsegulireni mlandu wakupha, mawa akaonekere kukhoti."

Sajeni anali mayi wokhalitsa pantchitoyi, woti mitembo anasiya kalekale kuilota. Masiku ano akamva kuti kwafa mwana, mtima wake unkangoti zii, ngati mwendo umene waukhalira nthawi yaitali. Anatsegula fayilo ija. Atelala anayi a pashopu ina ndi kamwana kamodzi anamwa madzi a m'chigubu, zigubu zikuluzikulu zija amazizondotsa pamakina n'kumatunga ndi kapu. Onse anayamba kusanza ndi kuchucha dovu. Akuluakuluwo anakachira kuchipatala. Kamtsikana ka zaka zitatu, mwana wa mmodzi wa iwo, sikanadzuke. Opima anapeza mankhwala ophera tizilombo m'madzimo.

Akanasaina pomwepo, dalaivalayo akanakalambira kundende. Chimene chinamugwira dzanja si chifundo ayi, chifundo chinamuthera kale. Chinali chizolowezi chabe: sankasainira chinthu chimene sanachione ndi maso ake. Anapita kuchipinda chosungira umboni, natulutsa chigubucho n'kuchiyang'ana padzuwa. Chinali chigubu wamba, chokandikakandika ndi kuyenda pagalimoto. Koma m'mbali mwake munali mizere itatu yolembedwa dala ndi msomali, wina pamwamba pa unzake. Anatembenuza chivindikiro kangapo. Chinalibe bowo.

*

Kwa atelala makina awiri okha ndi amene ankalira. Mwini shopu, mayi wojintcha wa tepi m'khosi, anayamba kulankhula Sajeni asanapeze pokhala.

"Ndi yemweyo, bwana, musamalize nsapato zanu pachabe. Ankafuna uyu." Analoza ndi mlomo telala wowonda amene anakhala pakona. "Akabwera ndi madzi, chigubu paphewa, maso pa uyu. Tsiku lina anamufunsira pamaso pathu tonse, uyu n'kumuyankha kuti iye sangakwatiwe ndi mwamuna wonyowa msana. Tinaseka, ndisaname, ineyo ndinaseka mpaka kudzibaya ndi singano. Iye potuluka anati, 'Mudzandikumbuka.' Ndiye tamukumbukadi."

"Chigubucho anatsegula ndani?"

"Ine ndemwe. Ndi sizasi iyi."

"Kapulasitiki komata pachivindikiro kanalipo?"

"Kanalipo, kolimba bwinobwino. Ine chigubu chopanda kapulasitiki ndimabweza pakhomo pomwepo. Nanga madzi ogula timawagulira chiyani?"

Anapisa dzanja m'thumba la zidutswa za nsalu, poti telala sataya kanthu, navundula mpaka anakapeza. Kanali kathunthu, kupatula pamene panadutsa sizasi.

"Simunamve fungo lililonse?"

"Kafungo kanalipo pang'ono. Tinati ndi pulasitiki yapsa ndi dzuwa pagalimoto. Kunatentha tsiku limenelo, bwana, munthu ukanamwa ndi a m'chithaphwi omwe."

Telala wa pakona uja anali asanatukule mutu. Phazi lake linkapalasa makina, singano n'kumakwera ndi kutsika, koma pansi pake panalibe nsalu. Analankhula osayang'ana munthu.

"Mwana wanga ananena. Anati, 'Amama, madzi akununkha.' Ndinamukalipira kuti asiye matama, amalize kapu yonse." Phazi linapitiriza kupalasa. "Anamaliza. Anali mwana womvera."

Mwini shopu anatseka pakamwa ndi tepi yake. Sajeni anadikira kuti mwina amva kanthu m'chifuwa, koma sanamve. Anaika kapulasitiki kaja mu envulopu n'kutsanzika. Ngati chigubu chinafika chomata, ndiye kuti poizoni analowa chisanamatidwe. Ndipo madalaivala samata zigubu.

*

Apolisi anamutulutsa dalaivala m'chitokosi n'kumukhazika pabenchi. Anali mwamuna wa mapewa otambalala, phewa lakumanja lotsika pang'ono chifukwa chosenza zigubu. Sanadikire kufunsidwa.

"Ndine, bwana. Lembani."

"Zinalembedwa kale. Ndikufuna undiuze mmene unachitira."

"Ndinathira mankhwala."

"Unathira bwanji chigubu chili chomata?"

Anayang'ana khoma, ngati yankho linalembedwa pamenepo. "Ndi jekeseni."

"Unabaya pati?"

"Pachivindikiro."

"Palibe bowo."

"Ndiye m'mbali."

"Chikanadontha njira yonse. Mankhwalawo anali amaonekedwe otani?"

"Oyera." Kenako anasintha. "Ofiirira."

"Unawagula kuti?"

"Bwana, munthu akavomera mumafunanso chiyani? Ena mumachita kuwamenya kuti avomere. Ine ndakupeputsirani ntchito."

"Mawu aja akuti 'mudzandikumbuka,' unkatanthauza chiyani?"

Apa nkhope yake inamasuka pang'ono, ngati ya munthu amene wafunsidwa njira ya kwawo. "Ndinkati ndidzagula galimoto yangayanga, adzandione ndikudutsa msana uli wouma. Kamwana kaja kankandithamangira ndikafika, kankakwera paphazi langa kuti ndiyende nako. Ine ndingaka..." Anadzigwira. Nkhope inatsekanso. "Koma ndine ndinathira."

Abodza ofuna kutuluka m'chitokosi Sajeni anawaona ambirimbiri, ena olira, ena olumbira pa manda a amayi awo amayiwo ali moyo. Wabodza wofuna kukhalamo anali wosowa. Wotereyo amakhala akutchingira wina.

*

Mwini fakitale ya madziyo anali bambo wamfupi wa jasi loyera, wolankhula ngati wailesi. Anamuveka Sajeni kachipewa ka ukonde, namupondetsa m'beseni la mankhwala pakhomo, kenako n'kumuyendetsa pakati pa mapaipi onyezimira.

"Taonani nokha, madamu. Madzi amadutsa mumchenga, m'makala, m'masefa, kenako pansi pa nyale iyi yopha tizilombo tosaoneka ndi maso. Sabata iliyonse timatumiza kokapimitsa. Chichitikireni ngoziyi abwera kudzapima thanki yathu, apeza mbee, ngakhale kachilombo kamodzi. Ine wandipha ndi dalaivala, madamu. Ndinaweta njoka."

"Madalaivala amalowa muno?"

"Ngakhale kusuzumira. Muno mumalowa anthu atatu okha, ndipo chigubu chimatuluka chitamatidwa ndi makina."

"Zigubuzo zimachokera kuti?"

"Zimazungulira. Tikasiya chodzaza, timatenga chopanda kanthu."

"Chikakhala kwa anthu kumeneko amasungiramo chiyani?"

Bamboyo anaseka mpaka kachipewa kake kanapendekeka. "Musafunse, madamu. Parafini, mafuta ophikira, mowa. Wina anafuyiramo nsomba. Anthu ndi anthu. Koma ife tili ndi chida choposa makina onsewa. Bwerani."

Anatulukira khomo lakuseri. Pansi pa kadenga ka malata, pafupi ndi pamene magalimoto amatsitsira zigubu, panali mpando wathabwa wokhala ndi kapilo kophwatalala. Panalibe munthu.

"Apa pamakhala Mayi Mphuno. Dzinalo tinawapatsa ndife. Chigubu chilichonse chikatsika m'galimoto chimayamba chadutsa pamphuno pawo. Amangokoka mpweya kamodzi, basi akuuzani kuti muno munali parafini chaka chatha. Ndinayamba nawo fakitale ino ndili ndi thanki imodzi. Chikanunkha amachiboola ndi mpeni n'kuchiponya pamulu apo, nkhani yatha."

"Lero ali kuti?"

"Ali kunyumba, manyazi ndi chisoni. Pajatu dalaivala uja ndi mwana wawo. Ndinamulemba ntchito chifukwa cha iwo."

Sajeni anayenda kupita pamulu uja. Zigubu zoboola zinali zambiri ndithu, koma zonse zinali zitayezuka ndi dzuwa. Udzu unali utamera pakati pake, ndipo chomera china choyanga chinali chitakwera mpaka pamwamba, masamba ake osathyoka ngakhale limodzi. Anazungulira mulu wonse kufunafuna chigubu chimene chinaponyedwa posachedwa. Sanachipeze.

"Chomaliza munataya liti?"

"Aa, kalekale. Nyengo yozizira ija. Makasitomala aphunzira mwambo, madamu, tawaphunzitsa. Masiku ano sititaya ngakhale chimodzi." Ananena monyada, chifuwa patsogolo.

Chapafupi mwamuna wa majombo ankatsuka zigubu ndi paipi. Sajeni anamufunsa mmene amatsukira.

"Kutsukuluza, bwana. Madzi, kasopo pang'ono, khutchukhutchu, kukhuthula. Chimene chadutsa kwa amayi aja n'choyera kale, ife timangochotsa fumbi."

Anamuonetsa chithunzi cha mizere itatu ija pafoni. Wotsukayo anapukuta manja paovololo, nayang'anitsitsa.

"Zamizerezi ndimaziona. Zimachokera kunyumba yogona alendo ija ya kuseri kwa depoti. Ndimayesa amalemba kuti azizindikira zawo."

*

Kunyumba yogona alendo matiresi onse anali panja, atatsamiritsidwa kukhoma. Pakati pake pankayenda mwamuna wamtali wa thanki kumsana, kansalu kumphuno, akuimba mluzu m'kansalumo. Ataona yunifolomu anachita sawatcha ndi paipi yopoperayo.

"Mwabwera kudzamanga nsikidzi, bwana? Mwachita bwino. Za muno n'zokhwima, zimalandira alendo pakhomo n'kuwanyamulira zikwama."

Sajeni anamuonetsa chithunzi chija.

"Eya, ntchito yanga imeneyo. Sayansi. Mzere wapansiwo ndi wa mankhwala. Ndikathira madzi kufika wachiwiri, ndi ya nsikidzi, yaukali. Kufika wachitatu, ya mphemvu. Ena amangothira mwachimbulimbuli, ine ndimayeza."

"Chigubucho n'chanu?"

"N'chobwereka. Zopanda kanthu zimangoima m'khonde umo kudikira galimoto, ndiye ndimatengapo chimodzi. Otsala ndimasiya momwemo mpaka ndidzabwerenso. Akatha ndimabwezera pamzere."

"Mutatsuka?"

"Nditakhuthula. Zotsalira pansi zija zimamata ngati phula, ndingalimbane nazo ine? Kukampaniko kuli mayi wina wa mphuno ya galu, mbiri yake inafika ndi kuno komwe. Chikanunkha amataya. Zigubu ali nazo zambiri, chimodzi sichingawasaukitse." Anapopa thanki kuti aonetse mphamvu yake, paipi n'kulavula pamkono wa malaya a Sajeni. "Pepani, pepani bwana. Fungo limeneli silichoka msanga. Koma nsikidzi sizikuyandikirani mwezi wonse."

Sajeni anamuuza za kamtsikana ka kwa atelala. Anamuuza mwachidule, ndi mawu omwe ankauzira anthu kuti ofesi yatsekedwa. Mwamunayo anatsitsa kansalu kumphuno. Anali ndi nkhope yaing'ono kusiyana ndi mawu ake. Anavula thanki, naikhazika pansi pang'onopang'ono, iye n'kukhala pambali pake. Anakhala pomwepo mpaka anzake a Sajeni anafika kudzamutenga.

Sajeni anasamba mkono pampopi ndi sopo, natsukanso malayawo, koma zinali ngati akuthirira fungolo kuti likule. M'minibasi anthu anamupatsa malo ambiri kuposa amene analipira. Kondakitala anatsegula windo, mayi wina n'kufunditsa mwana wake nsalu kumaso. Iye mwini maso ankamuyabwa.

*

Woyandikana nawo nyumba amene anamulozera khomo la Mayi Mphuno analoza ndi dzanja limodzi, lina litatsina mphuno.

Nyumbayo inali yaing'ono, yosesedwa bwino, makapu atandandalika pashelefu kuyambira yaikulu mpaka yaing'ono. Mayiwo anali ochepa thupi, imvi mbuu, msana wowongoka. Munali benchi imodzi yokha, choncho anakhala moyandikana, mapewa kutsala pang'ono kukhudzana.

"Ngati mwabwera za uja, bwana, ine ndilibe mwana," anatero mayiwo. Mawu awo anali ouma. "Moyo wanga wonse ndakhala ndikutchinjiriza anthu osawadziwa n'komwe. Wobereka ndekha n'kukapha mwana wa eni chifukwa choti mkazi wamukana. Akazi atha padziko? Kuchitokosiko sindinapiteko ndipo sindipitako."

Sajeni anawayang'ana. Mayiwo sanasunthe pabenchi, sanatsegule zenera, sanakwinye mphuno. Ankangosalaza nsalu yawo pamaondo. Sajeni anakhala kanthawi akufuna kuti mwina atsokomole kapena adandaule. Sanatero. Ndiye anakweza mkono wonyowa uja kufika kumaso kwawo.

"Mayi, malaya angawa akununkha chiyani?"

Mayiwo anachita monga ankachitira pampando wawo uja. Anatsinzina, naweramira pang'ono, n'kukoka mpweya kamodzi, mwaukatswiri. Anatsegula maso.

"Sopo. Ndi kathukuta pang'ono, mwayenda padzuwa."

Sajeni anatsitsa mkono. Panja wina ankakhoma msomali, kenako anasiya.

"Mphuno inasiya liti, mayi?"

Manja aja analeka kusalaza nsalu. Mayiwo anayang'ana makapu awo nthawi yaitali, ndipo pamene analankhula mawu anali atachepa.

"Chimfine chija cha nyengo yozizira. Chimfine chinatha, mphuno sinabwerere. Ndinkati mawa, mawa. Chakudya ndimangomva kuti ichi n'chotentha, ichi n'chozizira. Ndikanaulula, nkhalamba yopanda mphuno akanaisungira chiyani pafakitale? Kumeneko ine ndilibe dzina lina." Anapuma. "Koma ndinkanunkhizabe, bwana. Chilichonse. Sindinadumphepo ngakhale chimodzi. Ndinkayang'ananso ndi maso padzuwa."

"Akudziwa ndani?"

"Palibe. Uja yekha. Anandipeza tsiku lina nditakhala pompano, mpunga ukupserera kumbuyo kwanga utsi uli tolo. Ndinamulumbiritsa kuti asauze munthu."

Atanena zimenezo pakamwa panangokhala yasa pang'ono. Sajeni sanafune kuti mayiwo achite kulumikiza okha. Anawauza zonse mwatchutchutchu: za wopopera nsikidzi ndi mizere yake, za wotsuka amene amangochotsa fumbi, za kapulasitiki kamene kanafika kwa atelala kali kathunthu.

"Palibe amene anathira poizoni, mayi. Anali kale m'chigubumo pamene chinkatsika m'galimoto. Chinadutsa pampando panu. Mwana wanu sakudziwa ngakhale maonekedwe a mankhwalawo."

"Ndiye uja..."

"Akunama. Atamva kuti chigubu chinali chomata, anadziwa kumene apolisi angafike."

Mayiwo sanalire. Anayang'ana zikhatho zawo ngati n'za munthu wina.

"Ine ndinamutumizira mawu kuti afere komweko," anatero. "Ndinatuma mlongo wake. Anakanenadi."

Apa ndi pamene Sajeni anamva chisoni, chenicheni, cholemera, ndipo chinamudabwitsa. Sanadziwe pochiika. Anayang'ana pansi.

"Mumutulutsa?"

"Mukakanena zimenezi kusiteshoni, mawa sapita kukhoti."

"Ine ndikalowa m'malo mwake?"

"Sindikudziwa, mayi. Mwina. Zimenezo n'za kukhoti."

"Nanga mayi wa kamwanako adzandiona?"

"Adzakuonani."

Mayiwo anagwedeza mutu ngati amene wauzidwa mtengo woyenera. Anaimirira, namanga nsalu yawo molimba, n'kuvala nsapato. Atafika pakhomo anaima.

"Wadya?"

"Palibe amene wamubweretsera kanthu chimulowetsereni."

Mayiwo anabwerera msangamsanga. Anatenga kontena pashelefu, navundukula kamphika ka nyemba kamene kanali pakona, n'kupisamo supuni. Dzanja linaima m'malere. Anayang'ana nyembazo, nazisendeza kuwala kwa pakhomo, naziyang'ananso. Kenako ananyamula kamphikako ndi manja awiri n'kukapereka kwa Sajeni.

"Tandinunkhizirani, mwanangu. Ndinaphika dzana."

Sajeni anawerama. Ngakhale fungo la mankhwala linali litamudzaza mphuno, anamva. Kunama kunali kwapafupi, mawu awiri okha, ndipo mayiwo sakanadziwa.

"Zasasa, mayi."

Mayiwo anavindikira kamphikako n'kukabwezera pakona. Kontena ija anaibwezeranso pashelefu, pamalo ake. Anatseka chitseko, natsogola kupita kumsewu, kukaona mwana wawo chimanjamanja.